Alamu akufuna mapaketi, obwereketsa mpamba akuwakana: tigule makina olongedzera matimati?

"Ndine wapampando wa gulu la azimayi 14 ndipo madimba athu ali kufupi ndi Mtenguleni. Timalima matimati, repu, anyezi ndi impwa, ndipo pamasika timakolola nshawa ndi nyemba. Zambiri timagulitsa pamiyulu kumsika wa Kapata ndi ku Saturday Market mu Chipata. Alamu anga amene amagwira ntchito ku Kitwe akuti atipatsa K70,000 ngati tigula makina olongedzera ndiwo m'timathireyi tokutidwa ndi pulasitiki, kuti katundu wathu azilowa m'masitolo akuluakulu. Koma mwezi watha kunabwera anthu a bungwe lina lobwereketsa mpamba kwa alimi, ndipo atangomva za pulasitiki anakwinya nkhope, n'kunena kuti kunja anthu andalama akuthawa mabizinesi oterowo. Mwana wanga ali ku Leeds ku Britain, nayenso akuti kumeneko masitolo ayamba kugulitsa zipatso zosakuta. Ndasokonezeka. Akunama ndani?"

Mayi, khazikani mtima pansi, palibe amene wakunamizani. Alamu anu aona zoona m'masitolo a ku Kitwe, alendo aja anena zoona za kunja, mwana wanu nayenso akunena zimene akuona ndi maso ake. Vuto ndi loti aliyense akulankhula za thumba lake, pomwe matimati amene angaole ndi anu. Ndagwira ntchito zaka zambiri pakati pa alimi a madimba ndi ogula katundu wambiri kuno kum'mawa kwa Zambia, ndipo yankho langa ndilinena msanga kuti musatope ndi kudikira: makina olongedzera matimati musagule chaka chino. Ndalama ya alamu musaikane, koma ipite kwina. Ndifotokoza chifukwa chake.

Tiyambe ndi anthu andalama akunja aja, poti ndi amene akuopsezani. Ndi zoona kuti mu May 2023 mabungwe 185 osunga ndi kuchulukitsa ndalama za anthu, monga za penshoni, amene pamodzi amayang'anira chuma cha madola 10 thiriliyoni, anasaina kalata youza makampani akuluakulu a zakudya ndi masitolo kuti achepetse mapulasitiki. Anawasonkhanitsa ndi bungwe la ku Netherlands lotchedwa VBDO. Musaganize kuti onsewo anachita zimenezi chifukwa chomvera chisoni ngalande zotsekeka. Ambiri amaopa kuluza. Amaona kuti maboma ayamba kulipiritsa, ndiye kampani imene ali ndi masheya ake ikadzapanikizidwa, phindu lawo lidzachepa. Ku Britain, kuyambira April 2022 kuli msonkho pa mapaketi apulasitiki amene mulibe magawo 30 pa 100 a pulasitiki wokonzedwanso, ndipo unayambira pa mapaundi 200 pa tani. France inaletsa kukuta m'pulasitiki zipatso ndi ndiwo zambiri zosakwana makilogalamu 1.5 kuyambira pa 1 January 2022, ngakhale kuti lamulolo lakhala likugwetsedwa kukhoti. European Union nayo yaika lamulo loti pofika 2030 zoterezi zidzaletsedwe m'mayiko ake onse, kupatula pomwe pali chifukwa chomveka.

Zimene mwana wanu akuona zili ndi gwero lakenso. Mu February 2022 bungwe la WRAP la ku Britain linatulutsa zotsatira za kafukufuku wa maapozi, nthochi, mbatatesi, nkhaka ndi broccoli. Linapeza kuti pulasitiki sankatalikitsa kwenikweni masiku a zakudyazi m'nyumba za anthu, koma ankakakamiza munthu kugula zambiri kuposa zimene akufuna, zotsalazo n'kumathera kudzala. Linawerengera kuti kugulitsa zosakuta ndi kuchotsa madeti osafunika kungapulumutse matani 100,000 a chakudya ndi matani oposa 10,000 a pulasitiki pachaka.

Komano alendo anu aja sanakuuzeni mbali inayo. Nthawi yomweyi ndalama zankhaninkhani zikulowabe m'makampani opanga mapaketi. Mu 2024 Smurfit Kappa ndi WestRock, opanga makatoni, anaphatikizana kukhala kampani imodzi, ndipo mu 2025 Amcor inagula Berry Global, onse awiri opanga mapaketi apulasitiki, pamtengo woposa madola 8 biliyoni. Zokambirana za mayiko zofuna pangano la dziko lonse lochepetsa mapulasitiki zinatha popanda kugwirizana ku Busan mu December 2024, n'kulepherekanso ku Geneva mu August 2025. Ndiye mawu oti anthu andalama athawa pulasitiki ndi okokomeza. Ena akubetchera kuti achepa, ena kuti achuluka, ndipo onsewo akuwerengera phindu.

Chimene chimandiseketsa pang'ono ndi ichi: zimene azungu akuyesa kubwererako ndi misonkhano ndi makafukufuku, inu mumachita kale m'mawa uliwonse ku Kapata. Wofuna matimati atatu amagula atatu, amawasankha yekha, mumamuikira mbasela, amapita. Palibe chotsala choti akataye.

Nanga n'chifukwa chiyani masitolo akuluakulu amakonda zolongedzeratu, monga alamu anu aonera? Paketi ili ndi barcode, timizere tija timene makina amawerengapo mtengo, ndiye pa thilo imadutsa msanga, safunikira munthu woima pasikelo. Makasitomala sakanikiza matimati ndi zala, sasankha abwino okhaokha n'kusiya onyozeka pansi pa kireti. Munthu amene anafuna anyezi awiri amatuluka ndi kilo. Ndiponso pakapezeka vuto, lebulo imaloza kwa mlimi amene anabweretsa. Onani bwino mfundo yomalizayi. Zabwino zonsezi zimagwera sitolo. Mtengo wa thireyi, pulasitiki, lebulo ndi anthu olongedza umagwera inu, ndipo kawirikawiri paketi ikaonongeka isanagulidwe imabwezedwanso kwa inu.

Apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa ambiri amagwa pomwepa. Tomato wothyoledwa sanafe. Amapumabe, amatulutsa madzi ndi kutentha, ndiponso mpweya wina wotchedwa ethylene umene umafulumizitsa kupsa. Mukamutsekera m'pulasitiki ali wofunda kuchokera kudimba, madzi aja amasanduka thukuta mkati mwa paketi, ndipo chinyezi chofunda ndiye mudzi wa nkhungu. Pamulu, tomato mmodzi akayamba kufewa mumamuchotsa n'kumuphika madzulo. M'paketi, mmodzi akatuluka madzi, kasitomala amasiya paketi yonse, asanu abwinobwino aja apita naye limodzi. Kumayiko kumene mapaketi amayenda bwino, katundu amazizidwa atangothyoledwa, amayenda m'galimoto yozizira, amafikira m'chipinda chozizira. Inu muli ndi dzuwa la October la ku Chipata ndi kanyumba ka malata. Ngakhale mutagula chipinda chozizira, kumbukirani 2024, pamene chilala chinatsitsa madzi ku Kariba ndipo magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse. Makina a alamu akanangokhala chokongoletsa.

Ndinaziona ndi maso anga zaka zingapo zapitazo. Gulu lina la achinyamata chakuno linabwereka ndalama, linagula timathireyi toyera, linasindikiza malebulo okongola okhala ndi chithunzi cha phiri. Sitolo ina inalandira katundu wawo milungu itatu yoyamba, m'nyengo yozizira, zonse zili bwino. Kutangoyamba kutentha, mapaketi anayamba kubwerera, mkati muli thukuta ndi kankhungu koyera pa tsinde. Wolandira katundu pasitolopo sankalemba n'komwe kuti wabweza angati, ankangochotsa pa ndalama. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Anyamatawo anamaliza kubweza ngongoleyo pogulitsa matimati omwewo pamiyulu.

Tiyeni tiwerengere ndi manambala ongoyerekeza, inu mudzaikepo enieni. Tinene kuti kilo ya matimati osakuta mumagulitsa K15, ndipo sitolo ikulonjeza K20 pa paketi ya kilo. Kumva kokha, K5 yapamwamba ikukoma. Koma thireyi, pulasitiki, lebulo ndi ntchito zadya K3 pa paketi iliyonse, yogulidwa ndi yobwezedwa yomwe. Mwapereka mapaketi 100, abweza 20. Mwalandira K1,600, kuchotsa K300 ya kulongedza, kwatsala K1,300. Obwezedwa aja mwawagulitsa motchipa kwa ophika m'malesitilanti, mwapeza K100. Zonse pamodzi K1,400. Makilo 100 omwewo kumsika, ngakhale mutataya makilo 5, akupatsani K1,425, ndipo ndalamayo ili m'chitenje tsiku lomwelo. Masitolo akuluakulu ambiri salipira pompopompo, mumadikira milungu, pomwe mbewu, mankhwala ndi feteleza wa dimba lotsatira sizidikira. Pa masamu amenewa sitinaikepo ngakhale ngwee imodzi yobwezera makina. Munthu wodziwa kuika ndalama m'bizinesi ya zakudya, asanafunse maonekedwe a paketi, amafunsa kuti pa makilo 100 amaonongeka angati, amalipira ndani zoonongekazo, ndipo ndalama imabwera patapita masiku angati.

Si ndiwo zonse zimene zimadana ndi kukutidwa, kuti ndisakusokeretseni. Repu ndi masamba ena amafota msanga chifukwa amataya madzi, ndiye kathumba kobooledwabooledwa kamathandiza, bola akhale pozizira. Pakatentha amasanduka achikasu n'kununkha. Anyezi amafuna mpweya, ndiye ngati sitolo ikufuna wa kilo kilo, timatumba taukonde ndi tokwanira, tosafuna makina alionse, koma anyeziyo akhale wouma bwino khosi. Impwa ndi zolimba, sizivuta. Mbatatesi zikakhala pa kuwala zimabiriwira ndipo gawo lobiriwiralo si labwino kudya, choncho pulasitiki woonekera mkati sazithandiza.

Za kulowa m'masitolo akuluakulu, khomo lilipo ndipo si lachilendo kwa alimi a kwathu. Shoprite inalowa m'Zambia mu 1995, ndipo itafika ku Chipata alimi a ku Luangeni anadandaula kuti ndiwo zochokera kutali zawalanda msika. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 panapangidwa mgwirizano woti nawonso aziperekako ndiwo zawo. Pa mapangano otere, chimene ndaona chikugwetsa magulu si kusowa paketi. Ndi kulephera kubweretsa katundu wofanana, wokwanira, pa tsiku lomwe munapangana, sabata iliyonse, ngakhale m'February pamene mvula yadwalitsa matimati ndipo mtengo kumsika wakwera moti aliyense m'gulu akufuna kukagulitsa yekha. Masitolo ambiri amalandira ndiwo m'makireti, n'kuziika pa shelefu zosakuta kapena kulongedza okha. Pitani mukafunse wogula katundu pasitolo imene mukuifuna kuti amalandira motani, musanagule kanthu. Mwina mudzapeza kuti makinawo sakuwafuna n'komwe.

Ndiye K70,000 ija ipite kuti? Bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, FAO, linawerengera mu 2019 kuti pafupifupi magawo 14 pa 100 a chakudya cha dziko lonse amaonongeka pakati pa kukolola ndi kufika pogulitsira, ndipo pa zipatso ndi ndiwo zamasamba chiwerengerocho chimakwera. Kwa ife kuno, matimati ambiri amafera panjira, m'mabokosi amatabwa odzazidwa mpaka kusefukira, opanikizidwa pa njinga kapena pa kanta, apansi ataphwanyika asanafike pa Great East Road. Makireti apulasitiki olimba, osanjikizana bwino, otsukika, amene mudzagwiritse ntchito zaka, amachepetsa zimenezi kuyambira ulendo woyamba. Onjezani kachisakasa ka mthunzi kudimba, tebulo losankhirapo akuluakulu, apakati ndi aang'ono, ndi chizolowezi chothyola m'mamawa kapena madzulo. Ngati ndalama ilipo, mangani kachipinda ka makoma a makala othiriridwa madzi, kamene kamaziziritsa popanda magetsi ndipo kamagwira bwino ntchito m'miyezi youma yotentha. Alendo okwinya nkhope aja sadzakana makireti, chifukwa pulasitiki amene amadana naye ndi wotaya mukangogwiritsa ntchito kamodzi.

Tsopano pali mbali ya kalata yanu imene munangoidutsa, koma ine ndi imene yandikopa: nshawa ndi nyemba. Ngati alamu akufunitsitsa kuona dzina la gulu lanu pa paketi, paketiyo ikhale ya zouma. Nshawa sizichita thukuta ngati zauma bwino, sizibwezedwa patatha masiku atatu, zimatha kuyenda makilomita oposa 500 kupita ku Lusaka, ngakhale mpaka ku Kitwe kwa alamu komweko, osafuna firiji. Pameda mumagulitsa kwa ogula oyendayenda pamtengo wa pamasika, pamene aliyense akugulitsa. Zosankhidwa bwino, zoyezedwa, zokhala ndi dzina, mutha kuzigulitsa pang'onopang'ono mpaka mtengo utakwera. Chitsanzo chili pakhomo pomwepa: COMACO imagula nshawa, mpunga ndi uchi kwa alimi a chigawo chino n'kuzigulitsa m'masitolo pa dzina la It's Wild! Makina omatira timatumba ta zouma ndi aang'ono, otchipa kwambiri poyerekeza ndi amene alamu akunena.

Koma zouma zili ndi msampha wake, ndipo ndi woopsa kuposa tomato woola, chifukwa suoneka. Ndi chuku, chimene chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, woononga chiwindi ndi kupinimbiritsa ana. Mukukumbukira mu August 2024, pamene unduna wa zaumoyo unalengeza kuti agalu pafupifupi 400 afa ndipo poizoniyu anapezeka mu ufa wa chimanga wa zigayo zina. Nshawa ndi zimene zimagwidwa kwambiri. Chizolowezi chowaza madzi pa makoko kuti afewe posenda chisiyeni ndithu, ndipo musayanike padothi. Mukatsekera nshawa zachinyezi m'pulasitiki, mwamangira chuku nyumba. Ziume mpaka chinyezi chitsike kufika pa magawo 7 kapena 8 pa 100, chotsani zonyala, zosweka ndi zosintha mtundu, ndipo zochotsazo musapatse ana kapena kusinjira nsinjiro. Kachipangizo koyezera chinyezi kakhale m'gulu la zinthu zoyamba kugula.

Dziwaninso kuti tsiku limene mwamata paketi n'kulembapo dzina lanu, mwalowa m'manja mwa malamulo amene pamulu sankakufunsani. Mukalemba kuti kilo imodzi, iyenera kukwana kilo, ndipo sikelo yanu iyenera kuyesedwa ndi a Zambia Metrology Agency. Malo olongedzera ndi anthu ogwira chakudyacho amayenderedwa ndi a zaumoyo a ku khonsolo, motsatira malamulo a ukhondo wa chakudya, kuphatikizapo Food Safety Act ya 2019. Za kuyezetsa aflatoxin ndi zoyenera kulemba pa lebulo, funsani a Zambia Bureau of Standards musanasindikize malebulo zikwizikwi. Pa pulasitiki, boma linaika Statutory Instrument 65 ya 2018, imene inaletsa timatumba topyapyala tosakwana ma micron 30 (muyeso wa kukhuthala kwa pulasitiki) n'kuikanso udindo wa zinyalala za mapaketi pa amene amazibweretsa pamsika. A ZEMA, bungwe la boma loona za chilengedwe, ndi amene angakuuzeni ngati mtundu wa thumba limene mwasankha ukuloledwa. Mukaganiza zodutsa nazo pa chipata cha m'malire cha Mwami, ku Malawi malire ake ndi ma micron 60, ndiye thumba lololedwa kuno likhoza kukanidwa ku Mchinji. Alangizi a zaulimi a m'dera lanu ndi a pamalo ofufuzira za ulimi a ku Msekera angakuthandizeni pa mbewu ya nshawa yofanana kukula, chifukwa paketi yosakanizika mitundu ngati Chalimbana ndi MGV4 siikopa wogula.

Nkhani ya alamu ndiinene mosabisa, ngakhale simunafunse. K70,000 imeneyi ndi ngongole, mphatso, kapena akugula gawo la bizinesi? Ngati ndi ngongole, ibwezedwa liti, ndipo chaka cha chilala zidzakhala bwanji? Ngati ndi gawo, ndi gawo la phindu la nshawa zokha kapena la madimba onse, kuphatikizapo a azimayi 13 amene si abale awo? Ndaona magulu olimba, amene anapirira chilimba ndi banki yam'mudzi zaka zambiri, akupasuka chifukwa cha ndalama ya m'bale wa wapampando imene palibe analemba. Lembani pangano, lisainidwe pamaso pa gulu lonse ndi mboni, ndipo ngati gulu lanu ndi lolembetsedwa ngati kopaletivu, a ofesi ya makopaletivu aliwerenge. Pangano la sitolo nalonso musasaine musanapeze munthu wodziwa malamulo woti akuwerengereni ndime za katundu wobwezedwa ndi masiku olipirira. Ndipo chonde, ndalama ikaperewera musakwanitsire ndi kaloba.

Kwa bungwe lobwereketsa lija, bwererani ndi pempho lina. Auzeni kuti ndiwo zanu zidzayenda m'makireti obwerera, zosakuta, ndipo pulasitiki adzakhala pa zouma zokha, pomwe akuteteza chakudya miyezi ingapo. Afunseninso kuti iwo akufuna muzilongedza m'chiyani, ndipo kusiyana kwa mtengo adzalipira ndani. Timatumba tapepala timakongola pa chithunzi, koma timanyowa dzinja ndipo anankafumbwe amatiboola. Wobwereketsa woona mtima adzavomereza zimenezo.

Ngati alamu aumirirabe pa matimati a m'timathireyi, yesani osagula makina. Gulani timathireyi 50 ndi mpukutu umodzi wa pulasitiki wokutira, kutani ndi manja, perekani ku loji imodzi kapena kasitolo kamodzi m'tauni. Muchite zimenezi milungu isanu ndi itatu, ndipo ina mwa milunguyo igwe m'miyezi yotentha, osati June yekha. Mlembi wa gulu akhale ndi kabuku: tapereka angati, abweza angati, tawononga zingati, ndalama yabwera tsiku liti, ndipo tsiku lomwelo kilo inali pa zingati ku Kapata. Kabukuko mukawatumizire alamu pa WhatsApp tsamba ndi tsamba. Mukadzamaliza milunguyo mundilembere manambala amene mwapeza, tidzawerengere limodzi, ndipo mundiuzenso kuti nshawa za chaka chino mwasunga matumba angati.